Ng'oma ya Kwaya ndi 90 Peresenti

Lolemba

Komiti ya kwaya yavomera maganizo anga: woimba ng'oma Lamulungu likubwerali asankhidwa ndi gemu ya pafoni. Tikulimbirana awiri. Ine, mphunzitsi wa masamu, ndaiimba ng'omayi zaka khumi ndi ziwiri. Enawo ndi aNachisale, telala wa pamsika wa Lirangwe, amene akuti nyimbo amaimva m'magazi. Magazi alibe sikelo. Gemu ili nayo: nyimbo ikulira, timabokosi tikutsika, iwe n'kumagogoda pa nthawi yake. Kukhoza ndi 90 peresenti. Wofikapo pofika Loweruka, ng'oma ndi yake. Manambala sakondera!

Lachiwiri

41.
Zifukwa:
galasi la foni ndi long'aluka pakona;
tambala wa aneba;
ndege yotera ku Chileka, yomwe yadutsa pakati pa kolasi.
Foni ikungoti ndachedwa, ndachedwa. Ine?

Lachitatu

Ndajambula tebulo la manambala m'kope. Zaoneka poyera: ndimachedwa kumapeto kwa mzere uliwonse. Chifukwa chake ndachipeza. Zaka zonsezi dzanja langa lakhala likudikira amayi a alito, amene amakoka liwu lomaliza mpaka mpweya uwathere. Dzanjali linaphunzira ulemu. Gemu ulemu siiudziwa.
58. ANachisale akuti apeza 84, phazi likupalasa makina. "Aphunzitsi, musamaiwerenge, muziimva." Imeneyo si njira ya sayansi.

Lachinayi

Ndayeserera m'minibasi. 37. Mabampu. Kondakitala: "Madala, foniyo yakulakwirani chani?"
Kokonzekera kwaya sindikupita. Amayi aja angandiwonongerenso dzanja.

Lachisanu

79! Ndikuyenda pa biti ya nyimbo, kutafuna pa biti, kufufuta bolodi pa biti. Mayi akunyumba: "Bambo a Chisomo, mukagogodanso tebulo langali mukadyera panja."
Uthenga wa aMakwinja, wapampando wa kwaya: "Aphunzitsi, kodi muli moyo? Tikuimba opanda ng'oma kuno." Ndayankha kuti ndikukonzekera mozama.

Loweruka

91! Komiti yonse yaona ndi maso, pansi pa mtengo wa mango kutchalitchi. ANachisale 88. Akuti anatanganidwa ndi diresi la mkwatibwi. Agwira dzanja langa n'kuseka: "Zabwino zonse, aphunzitsi. Tikaonana pa vesi yachitatu." Olephera amayankhula zambiri.

Lamulungu

Sindinaphonye ngakhale kamodzi. Izi zilembedwe.
Vesi yoyamba ndamaliza amayi a alito ali pa mzere wachitatu. Yachiwiri ndawasiya ndi mizere iwiri. Abusa ayang'ana kudenga. Nyimbo yonse ndaimaliza bwinobwino, n'kuika manja pamaondo, kwaya isanalowe n'komwe vesi yomaliza.
Kenako aNachisale ayamba kuwomba m'manja pabenchi pawo, mochedwa ndithu, molakwika, ndipo kwaya yonse yawatsatira mpaka pa Ameni. Ena mpaka nthungululu.
Panja, aMakwinja: "Mwaimba bwino zedi, aphunzitsi. Koma mumaimbira ndani?"
Malinga ndi masamu, wolondola ndinali ine, olakwa anthu makumi atatu. Ndawafotokozera zimenezi. Tebulo la m'kope lija sanafune kuliona.
Komiti ikumana Lachitatu. Akuti ulendo uno avota pokweza manja. Ng'oma ndaipukuta kale, ndaisiya pafupi ndi benchi ya aNachisale.