Chingwe cha Phazi la Tadala

Amene akuti ndikunama, kuyambira inu a Zulu ndi anzanu a shifiti ya m'mawa, anthu amene ulendo wanu wautali ndi basi ya ku Belgrave, aimirire anene ngati anapondako ku Limerick. Palibe? Ndiye khalani chete.

Ine ku Ireland ndinapita kukagula nsapato za mwana wanga Tadala. Mayi ake atandisiya n'kusamukira naye ku Evington kwa bambo wa galimoto uja, ndinalumbira kuti mwanayo adzavala nsapato zimene munthu ameneyo sangazipeze m'sitolo iliyonse ya mu Leicester. Manambala a nsapato a kuno sindiwakhulupirira. Ndinachita mmene ankachitira bambo anga popita ku Limbe: kuyeza phazi ndi chingwe, kumanga mfundo pa chala chachikulu, chingwe m'thumba.

Mvula ya ku Limerick siichokera kumwamba kokha, a Zulu, imachokera kumanzere, kumanja ndi pansi, moti mlatho wa pa mtsinje wa Shannon ndinauwoloka mosambira mtsinjewo uli pansi panga, nsomba zikundidutsa m'makutu, imodzi n'kulowa m'jekete, ndipo nditakwera pa linga lakale la miyala kuti ndione mzinda, mphepo inandinyamula pamodzi ndi ambulera mpaka ndinaona nyanja yonse, ndinaona Leicester, ndinaona Evington ndi galimoto ija itaima pakhomo, ndinalavula, malovu n'kukagwa pagalasi lake penipeni. Mukumva? Kamufunseni mwini galimotoyo ngati sanapukute.

Nditatera ndinalowa sitolo ndi sitolo, madzi akutuluka m'matumba mwanga mpaka eni ake ankandilondola ndi zidebe, kufikira ndinazipeza nsapatozo: zofiira, za lamba, zowala moti magalimoto ankaima poyesa ndi maloboti. Mayi wokalamba wogulitsa ataona chingwe changa analira, nati agogo ake ankatero, ndipo msewu wonse unatseka masitolo kudzaona bambo woyeza mwana ndi chingwe. Tinalowetsa chingwe m'nsapato. Ndendende.

Lamlungu ndinagogoda ku Evington. Tadala anakhala pakhonde, n'kukankha phazi, n'kukankhanso, ataluma mlomo. Chidendene chonse chinatsala kunja. Anandiuza m'Chingerezi chake chija kuti ndi zokongola, ndisadandaule, azingoziyang'ana. Mayi ake anapinda manja.

"Bambo a Tadala, chingwechi munayeza liti?"

Inunso a Zulu mukufunsa zomwezo, mano onse pamtunda. Ndinayeza tsiku limene ankakweza katundu wawo m'galimoto, mwana ali pamwendo panga. Nanga zikukhudzana bwanji? Kuchokera pamenepo andilola kumuona kangati, ndiponso pakhomo pokha, nsapato ali chivalire?

Ku sukulu yamadzulo anatiphunzitsa kuti zinthu zikazizidwa zimafupika. Chingwe chija chinamwa mvula ya ku Limerick, chinafupika, basi. Ndachiyanika pa hita m'chipinda changa kuti chibwerere, ndipo mayi ake akuti mwezi wa mawa mwina ndidzamutenga tsiku lathunthu, ndidzayezanso ndekha.

Sekani. Koma ndikulumbira pamaso pa Mulungu, inali mvula. Mwana wanga sangakule chonchija ine osaona.