Khoma Linathothoka, Chitsulo Changa Ayi

Mukadutsa kwathu ku Tipton n'kuona kalavani yotchingidwa ndi lona kumbuyo, musafunse mayi a Tadala. Funsani ine, chifukwa iwo nkhaniyi amaifotokoza moipitsa.

Ku Mchesi ndinali wowotcherera wodziwika, ndipo mageti anga alipobe mpaka lero. Kuno kudziko la azungu ndimasamalira okalamba ku care home. Amuna a kutchalitchi ankandiitana kuti "a Welda" uku akumwetulira, ngati luso langalo ndi nthano chabe. Woyambitsa chipongwecho anali a Tembo, a ku Chipata. Ndisaname, zinkandiwawa.

Ndiye tchalitchi chitakonza zokagona kunkhalango ya Cannock Chase, katundu anachuluka: mipando, masipika, mbaula zootchera nyama. Galimoto yanga imakoka kalavani yakale, kanyumba kogonamo ka matayala, choncho ndinalengeza kuti kumbuyo kwa kalavaniyo ndikolekako kangolo kena. Kwathu minibasi sisiya katundu pa siteji, ndiye ine ndisiyirenji?

"Chokokera muchitenga kuti?" anafunsa a Tembo.

"Ndipanga ndekha."

"Mudala, kuno si ku Mchesi. Chithyoka pa roundabout yoyamba."

Ndinabwereka makina, n'kutha masiku anga awiri a off ndili m'galaja. Ndinawotcherera chitsulo chamakona atatu, chokongola zedi, n'kuchimanga ndi mabawuti kukhoma la kumbuyo kwa kalavani. (Sindinadzifunse kuti khomalo ndi lachiyani. Kwathu chinthu chikakhala ndi matayala, ndiye kuti n'chachitsulo.) Mayi a Tadala ndi namwino, sakhulupirira chinthu chosayezedwa. Anandipatsa malamulo awiri: unyolo uchoke pakangolo mpaka kuzitsulo za pansi pa kalavani, ndipo tiyesere kaye m'bwalo la tchalitchi ku Smethwick, osati pamsewu.

Loweruka m'mawa amuna onse anabwera, manja ali m'matumba. Tinapakira. Ndinazungulira bwalo kamodzi, bwinobwino. Kachiwiri ndinazungulira ndikubayibitsa a Tembo pawindo. Kachitatu ndinaponda moto pang'ono, n'kuiwala hampu ya pachitunda cha pageti.

Kumbuyo kunamveka kuti phwaa. Nditatsika ndinapeza khoma lonse la kalavani lathothoka (kani linali la pulasitiki ndi thabwa lopyapyala), bedi lathu ndi zitenje za mayi zili poyera. Kangolo kanali katatsetsereka chammbuyo n'kuima unyolo utakungika, kutatsala pang'onong'ono kuti kagunde galimoto ya abusa.

A Tembo anatenga hamala m'buti mwanga n'kugwada pachokokera chija, chomwe chinali chikadali pakangolo, chitanyamula chibenthu cha khoma. Anamenya katatu pomwe ndinawotcherera, ndi mphamvu zawo zonse. Panalibe ngakhale kamng'alu.

Anadzuka n'kusasa mawondo. "A Welda," anatero, ndipo ulendo uno sanamwetulire, "tchalitchi chikufunika geti latsopano, muliyamba liti?"

Mtima wanga unayera kuti mbee, mpaka tinafika kunyumba.

"Bambo a Tadala, lamulo la kuno sililola galimoto imodzi kukoka ngolo ziwiri pamsewu. Ndinaziwerenga Lachiwiri."

"Bwanji simunanene?"

"Mukanamva inu?"

Katundu anapita pa vani ya hayala. Masiku awiri a ku Cannock mphepo inkalowa pa lona, mayi osandiyankhula, ine ndikungomwetulira ndekha. Geti ndinalimaliza, ndipo a Tembo amalionetsa kwa alendo. Chokokera chija ndachipenta, chili m'galaja. Chomwe ndikusaka pano ndi kalavani ya khoma lachitsulo.