Bowo M'mbale ya Mgonero

Mukadzafika kutchalitchi kwathu kuno kwa Mbenje tsiku la Mgonero, mudzaona timakapu tikuyenda m'lichero, titazikidwa mu mpunga kuti tisagwe, pamwamba atavundikira nsalu yoyera. Alendo ena amayesa ndi mwambo wa makolo, ena amatiyamikira kuti ndife mpingo wodzichepetsa. Si mwambo ayi. Ndi ntchito ya manja anga, ndipo popeza tinalamulidwa kuululirana zolakwa, lero ndiulule.

Ndinagwira ntchito kuesiteti ya nzimbe ku Nchalo zaka zambiri, kunyamula mapaipi othirira kuchoka munda uwu kupita munda uwo. Paipi ikang'ambika ndinkaipititsa kuwekishopu kwa a Yusufu, Myao wa ku Mangochi, Msilamu wosaphonya swala. Iwo ankawotcherera ndi makina otchedwa TIG. Si kuwotcherera kwa pamsika kuja kothetheka ngati chimanga chokazinga. Uku n'kwachete. Dzanja limodzi limagwira chogwirira chokhala ndi kasingano kotulutsa kamoto kobiriwira, lina likudyetsa kawaya, gasi akupemerera pansipansi. Msoko wake umatuluka ngati mamba a mphende. Ine ndinkaima pakhomo n'kumasirira. (Lamulo loletsa kusirira ndinkalidziwa pamtima, koma ndinkadziuza kuti limatchula ng'ombe ndi bulu, za makina silinenapo kanthu.)

Nditapuma ntchito n'kulandira kangachepe kanga, ndinauza mkazi wanga, amake Rute, kuti ndikukagula TIG.

"Abambo a Rute, inu chibadwire munawotchererapo chiyani?"

"Amene anadzaza amisiri a chihema ndi luso m'chipululu muja sanasinthe," ndinatero.

"Amenewo anawaitana ndi maina awo. Inu wakuitanani ndani?"

Ndinangoti m'mtima, mneneri salemekezedwa kwawo.

A Yusufu nawo anayesetsa. "Achimwene, yambani ndi makina amarodi, muphunzire pa mawindo ndi mageti. Mukaumirira TIG, onetsetsani kuti palembedwa AC ndi DC. A DC okha ndi a chitsulo. Aluminiyamu sagwira." Ndinagwedeza mutu ngati ndamva. Koma mbewu ija inagwera m'mbali mwa njira, ndipo minibasi isanakwere mapiri opita kumtunda, mbalame zinali zitatola kale.

M'sitolo ina ku Limbe ndinapeza makina awiri. Ena anali aakulu, amtengo wolemetsa mtima. Ena anali ofiira, opepuka, okhala ndi mabatani ambiri owala. Mayi wogulitsa anandifunsa bwinobwino kuti ndikawotcherera chiyani.

"Zonse," ndinatero.

"Ofiirawa ndi a DC okha, bambo."

"Koma ndi TIG?"

"Ndi TIG."

"Basi, mangani."

Anandionetsanso chipewa chophimba nkhope yonse, magolovesi achikopa ndi chijekete chokhuthala. Ndinaseka. Ndinati, "Mayi, kwathu ku Nsanje mumakudziwa? Munthu atavala zimenezi mu Okutobala, pomuvula angapeze nyama yootcha." Ndinasankha timagalasi takuda tokhala ndi lamba, tofanana ndi ta oyendetsa njinga zamoto. Mayi uja anati timeneto si ta ntchito imeneyi. Ine ndinati maso ndi anga.

Ndinabwereka kashedi pamsika wathu, pamene pali magetsi. Ndinalumikiza makina, ndinapemphera, ndinadina batani. Kasingano kaja kanathetheka, kanada bii, kanafupika ngati kandulo. Ndinaika kena, chimodzimodzi. Ndinaimbira a Yusufu.

"Gasi mwatsegula?"

"Gasi uti?"

Anakhala chete nthawi yaitali. Ndikhulupirira ankandipempherera m'chipembedzo chawo. Kenaka anandifotokozera pang'onopang'ono, ngati akulankhula ndi wodwala, kuti kupemerera kuja ndinkamva kuwekishopu si ulemu wa makina, ndi gasi wotchedwa agoni amene amatchinga moto kuti mpweya usalowe mumsoko. Popanda iye palibe TIG. Ndipo kuchigwa kuno sagulitsa.

Ndinakweranso mapiri. Pobwerera, kondakitala wa minibasi anangoyang'ana silinda ya gasi imene ndinagula n'kunena, "Madala, bomba limeneli muno ayi. Kufa muzikafa nokha." Ndinatsika pa lole ya simenti, nditakumbatira silinda ngati mwana wodwala, dzuwa likundiwamba kuyambira pa Thabwa mpaka Bangula. Pofika kunyumba ndinali woyera ngati manda opaka njereza. Amake Rute anangonditungira madzi osamba. Madzi amenewo anali ulaliki wathunthu.

Tsopano ndinayamba kuphunzira pa zitsulo zotola. Kunali kutentha kwa kwathu kuno, kumene ngakhale mbuzi zimakanirira pakhonde la tchalitchi. Ndinatenga fani ya amake Rute n'kuiloza pantchito. Misoko yonse inkatuluka yabowokabowoka ngati chulu cha chiswe. Ndinaimbanso foni.

"Pamenepo pakuwomba mphepo?" anafunsa a Yusufu.

"Ayi, ndangoyatsa fani."

"Achimwene! Gasi munavutikira uja mukumupemerera ku Mozambiki. Zimitsani."

Ndinazimitsa, ndinatseka chitseko, thukuta linayenda ngati Shire. Ndipo tsiku lachinayi chozizwitsa chinachitika. Ndinalumikiza khasu lothyoka la mnansi wanga, ndinalimenyetsa pamwala, silinathyoke. Khasu limodzi. Pa khasu limenelo ndi pamene mdani anapezera polowera.

Lamulungu lotsatira ndinaimirira nthawi ya maumboni. Ndinauza mpingo kuti Ambuye andipatsa luso paukalamba, ndipo chitsulo chilichonse chothyoka m'nyumba ya Mulungu ndidzachikonza ulere. Anthu anati ameni. Mkulu wa mpingo, a Thomu, anadzuka pomwepo n'kukumbutsa kuti mbale ya Mgonero inang'ambika pachogwirira, ndipo abusa akubwera sabata yamawa. (Abusa athu ali ndi mipingo yambiri, amatifikira kamodzi pa miyezi ingapo. Mgonero kwathu si chinthu choseweretsa.)

Ndiyenera kuti ndikuuzeni za mbale imeneyi. Inali ya aluminiyamu, yozungulira, yokhala ndi timabowo tokhazikamo timakapu. Anaigulira mpingo ndi malemu a Zuze, kalekale akugwira ntchito ya njanji, ndipo m'mphepete, pafupi penipeni ndi chogwirira, anazokotapo mawu akuti "Mphatso ya Zuze ndi mkazi wake." Mkazi wakeyo, mayi Nyamphinga, ndi amene ankaisunga m'sutikesi kunyumba kwawo. Chaka chimene madzi anatilowera m'mudzi, iwo anasiya mabulangete ndi ufa, n'kuthawa atasenza mbaleyo pamutu. Chogwirira chinang'ambika paulendo umenewo. Chithunzi cha amuna awo chinapita ndi madzi, manda awo anakwiririka ndi mchenga. Chinatsala ndi dzina lija.

"Nkhabe," anatero mayi Nyamphinga m'Chisena chawo, ndiko kuti ayi. "Ine ndimaigwira pansi ndi manja awiri, imayenda bwinobwino."

"Mayi, umboni mwaumva nokha," anatero a Thomu. "Kodi tikane mphatso ya mbale wathu?"

Mayi aja anandiyang'ana. Kenaka anati, "Mukaitenge Lachisanu. Koma mundibwezere ndi dzina lake."

Lachisanu masana ndinaika mbale patebulo langa. Mawu a a Yusufu aja anabwera ndithu, sindinama. Anabwera ngati kamphepo kayaziyazi: aluminiyamu sagwira. Ine ndinawadzudzula ngati mawu a kusakhulupirira. Kashedi kanali ng'anjo, choncho ndinavula malaya, ndinamanga timagalasi tanga, ndinaimba ndime imodzi ya nyimbo, n'kuyatsa.

Mbale sinasungunuke monga khasu lija. Pamwamba panangochita makwinya otuwa ngati khungu la nkhalamba. Ndinawonjezera moto. Makwinya okhaokha. Ndinakweza timagalasi pamphumi kuti ndione bwino (inde, moto uli chiyakire), ndinaweramira pafupi, ndinawonjezeranso. Pambuyo pake ndi pamene ndinaphunzira kuti aluminiyamu ali ndi kakhungu kouma pamwamba kamene makina anga sangaswe, ndipo pamene iwe ukuyesa kuti palibe chikuchitika, m'kati monse mwasanduka madzi. Ulaliki wake ulipo pamenepa, koma ine ndilibenso nkhope youlalikira.

Ndinangomva kuti thapwa. Chigawo cha m'mphepete chinagwera patebulo ngati phala, chogwirira chinagwa pansi, panatsala bowo loti dzira la bakha n'kudutsa.

Ndinakumbukira munthu wa m'Baibulo uja anatambasula dzanja kuti agwirize likasa la chipangano, wosatumidwa, n'kufera pomwepo. Ndinadikira. Sindinafe. Chilango changa chinali m'njira, chikubwera wapansi.

Loweruka m'mawa ndinalephera kutsegula maso. Zinali ngati wina wathiramo mchenga wotentha wa m'mbali mwa Shire n'kupondaponda. Misozi inkangoyenderera. Nkhope, chifuwa ndi mimba zinali zitapsa, zikunyerenyetsa, moti ngakhale nsalu sindinkafuna kuti indikhudze. Amake Rute anandigoneka pamphasa m'chipinda chamdima, n'kundiika masamba a tiyi ozizira m'zikope.

"Uja anachita khungu panjira ya ku Damasiko anali ataona Ambuye," anatero akufinya kansalu. "Inu mwaona chiyani?"

Ndili chigonere choncho, ndinamva "Odi" pakhomo. Mayi Nyamphinga anabwera okha kudzatenga mbale kuti akaitsuke. Ndinafuna kudzuka, kukonza mawu, kuyamba ndi kufotokoza za AC ndi DC. Amake Rute anangotenga mbale ija pansi pa bedi pamene ndinaibisa n'kuipereka.

Nkhope ya mayi Nyamphinga sindinaione, ndipo sindidziwa ngati chimenecho chinali chifundo kapena chilango china. Ndinangomva chikhadabo chikuyenda pa aluminiyamu, pang'onopang'ono, kuzungulira bowo. Kuwerenga sadziwa kwenikweni, koma mawu aja ankawadziwa ndi chala.

"Apa ndi pamene panali bambo," anatero.

"Mayi, pepani, makinawa..."

"Patsala 'ndi mkazi wake.' Mkazi wa yani?"

Kunja tambala ankalira.

"Madzi anawakwirira kamodzi," anatero. "Inu mwawakwirira kachiwiri." Anatuluka osatsazika.

Ndinalira, koma popeza maso anali akutuluka misozi kale chiyambire m'mawa, palibe anadziwa kusiyana kwake.

Lamulungu ndinafuna kudwala, amake Rute anakana. Anandigwira dzanja mpaka kutchalitchi, nditavala timagalasi takuda tija chifukwa kuwala kunkandilasa, mphuno ikusupuka ngati mbatata yophika. Nkhani inali itafika kale. Bowo lija linadya timabowo ta makapu tingapo, mbale inapindika, siikanathekanso. A Thomu ankangoyendayenda pakhomo, abusa atakhala m'kachipinda kawo, madikoni akukangana ngati tigwiritse ntchito thireyi ya tiyi yojambulidwa maluwa.

Ndipo anatulukira mayi Nyamphinga atasenza lichero latsopano, lodzaza mpunga woyera. Anazikamo timakapu kamodzikamodzi, anavundikira nsalu. Atamaliza anabwera pamene ndinakhala, kumbuyo kwenikweni.

"Abambo a Rute, imirirani."

Ndinaimirira.

"Ine ndadikira Mgonero miyezi yonseyi, ndipo sindingaudye ndili ndi munthu kukhosi. Ndiye ndakukhululukirani. Musayese kuti n'chifukwa cha nkhope yanuyo." Anatembenukira kwa a Thomu. "Licheroli anyamule omwewa."

Ndinanyamula. Mzere ndi mzere, benchi ndi benchi, munthu aliyense akutenga kakapu kake n'kuyang'ana timagalasi tanga. Ena mapewa ankagwedezeka, akudziletsa kuseka pamaso pa Mulungu. Nditafika pa mayi Nyamphinga lichero linapendekeka mpaka mpunga unatayikira pachitenje chawo. Anatenga kakapu, anatola njere zija imodziimodzi n'kuzibwezera m'lichero. "Takhuta," anatero motsitsa mawu, ndiko kuti zikomo. Chibadwire sindinalandirepo zikomo wolemera chotero.

A Yusufu anabwera patapita masiku, panjinga. Tinapita nawo kwa mayi Nyamphinga. A Yusufu anaitembenuza mbale ija uku ndi uku, osandiyang'ana. Anati chigamba angaike, ndi dzina angapeze wolizokotanso.

"Lozokota lero si limene anagwira bambo ndi manja awo," anatero mayi aja. Anaikulunga m'nsalu, anaibwezera m'sutikesi, anakhoma. Ili momwemo mpaka lero, ndi bowo lake. Mpingo unakambapo zogula ina, koma nthawi zonse wina amati lichero likutikwanira, ndipo onse amacheukira kwa ine.

Pobwerera a Yusufu sanandikumbutse zimene anandiuza. Anangonditulutsira m'chikwama chipewa chawo chakale chophimba nkhope, chong'aluka pang'ono pamwamba. "Valani ichi, achimwene. Ndipo muzivala malaya."

Makina ofiira aja alipo. Ndimawotcherera makasu, mipando ya njinga za kabaza ndi zitseko za makola, nditavala chipewa ndi chijekete, ndikuphikika m'kati mosadandaula, poti ndikudziwa chimene ndikulipira. Amake Rute anasamutsira mapoto awo onse a aluminiyamu kukhitchini ya mng'ono wawo.

Ndikanakonda kunena kuti ndinachira. Koma belu la tchalitchi chathu ndi limu ya tayala la lole yopachikidwa pamtengo wa nimu, ndipo yayamba mng'alu. Limu ndi chitsulo chenicheni, cha DC. Lamulungu lapitali, titatuluka, ndinapezeka ndaima pansi pake, ndikuyendetsa chala pamng'alu paja, ndikumva mumtima kamawu konga maitanidwe. Nditatembenuka ndinapeza mayi Nyamphinga ataima kumbuyo kwanga, lichero lili m'khwapa.

"Nkhabe," anatero.

Ndinabweza dzanja m'thumba. Koma mng'aluwo ndinali nditauyeza kale.