Makosi a Orval Pruitt

Aliyense wa ku Dry Fork, kumapiri a Idaho, akudziwa kuti malemu Orval Pruitt vuto lililonse la padziko ankalipeza pakhosi. Galimoto ikakana kulira, ndi khosi. Abusa akatalikitsa ulaliki, khosi lakula. Mwana wa a Sorensen atalephera mayeso, Orval anangoti amuyeze kukhosi.

Zinayambira ku mfuti. Orval ankakonza mfuti zam'manja, zija zokhala ndi kamgolo kozungulira ka mabowo asanu ndi limodzi. Pamene chipolopolo chimatulukira m'bowo kuti chilowe mumpope, pamenepo ndiye pakhosi. Anthu akuno amasungunula okha mtovu n'kuumba zipolopolo. Khosi likathina limafinya chipolopolo, chimalowa mumpope chitawonda, moto n'kudutsa m'mbali n'kumata mtovu mumpope monse. Orval ankapala makosiwo pang'ono, mfuti n'kuchira. Akayamba kufotokoza zimenezi khofi ankazizira m'kapu. Akatulukira m'sitolo ya zitsulo anthu ankabisala kuseri kwa matumba a chakudya cha ng'ombe. Koma mfuti ikawavuta ankam'peza, zikomo wake n'kumuseka akangotembenuka.

Mmodzi yekha ndiye anam'kaniza: Merle Stapp, mnzake wa paubwana, woweta nkhosa kutsidya kwa msewu. Merle anali ndi mfuti imene bambo ake anam'siyira, ndipo inkamata mtovu koopsa.

"Bwera nayo, Merle. Lamlungu lililonse umakhalira kuikwecha ngati mphika wopserera."

"Mphikawo ndi wanga. Chitsulo ukachipala umachibwezeretsa? Bambo anga anaisiya chonchi."

"Bambo akowo ankaphonya khola ali m'kati mwake."

Sanalankhulane mpaka chisanu chitatha.

Pa ukwati wa mwana wa Merle, Orval anasowa pagulu. Merle anam'peza kuchipinda, ali chogwada, akulowetsa timisomali take toyezera m'kamgolo ka mfuti ija.

"Ukutani?"

"Ndimangoipatsa moni. Makosi onse ndi othina, kutengera dzanja la mwiniwake."

Kenako chakudya chinayamba kumukanira Orval pomeza. Dokotala wa kutauni anati pakhosi pali chotupa, njira yathina.

"Si ndinkakuuzani ine?" anatero Orval kwa mkazi wake Darlene, monyadira ngati wawina mlandu. "Adokotala, chopalira chanu ndi cha saizi yanji?"

Nthabwala imeneyi inazungulira Dry Fork yense. Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti, koma wopita kukamuona anasowa.

Merle anapita. Anakulunga mfuti ija m'sokosi yaubweya n'kukaiika pa tebulo la Orval.

"Nayi. Usafe ukundinena."

Orval anali atatha thupi, mawu atasanduka manong'onong'o. Manja ankanjenjemera, ndipo Merle anawaona bwinobwino. Anafuna kuitenganso mfuti yake, koma nkhope ya mnzakeyo inali itawala, ndiye anachoka chimanjamanja.

Atabwerera anapeza makosi asanu atapalidwa mosalala ngati galasi. Pa khosi lachisanu ndi chimodzi chopalira chinapotoka, chinadya mbali imodzi n'kusiya khosi lili yasa. Merle analiyang'ana pawindo, mtima unam'wira.

"Zaka zonsezi ndinkakana chiyani? Wapha mfuti ya bambo anga, iwe."

Orval anatsegula pakamwa kuti ayankhe. Panatuluka mpweya wokha. Merle anamenyetsa chitseko, n'kudziuza kuti adzabweranso mtima ukatsika. Orval sanam'dikire.

Pamaliro, aja ankabisala kuseri kwa matumba anadya nyama ndi mbatata za Darlene mpaka kumasula malamba, kenako mmodzimmodzi n'kumam'nong'oneza kuti zida za malemu akazigulitsa awakumbukire. Lero mfuti zawo amazitumiza kutauni pa positi, amadikira mpaka kutopa, ndipo amati munthu ngati Orval sadzapezekanso. Zimanyansa kumva. M'sitolo ya zitsulo khofi tsopano amamwedwa ali wotentha, ndipo palibe wokamba kanthu.

Merle anakaiyesa mfuti ija kuseri kwa khola. Mabowo asanu aja anagwetsa zitini zimene moyo wake wonse ankaziphonya, ndipo mumpope munali mbee. Orval ankanena zoona zaka zonse zija, ndipo izi zinamupweteka Merle kuposa khosi lowonongekalo. Wina anamuuza kuti kamgolo katsopano kamapezeka. Merle anam'funsa ngati wam'tuma.

Anthu amati Merle akusungabe chakukhosi ndi munthu wakufa. Chakukhosi chilipodi, koma mwiniwake akudziwa kuti amene akumusungira si Orval. Lamlungu lililonse akachoka kutchalitchi amaika chipolopolo m'bowo lachisanu ndi chimodzi lokha, amaombera m'phiri, amaikanso china momwemo, mpaka mpope utamata. Akatero amakhala pakhonde, moyang'anana ndi nyumba ya Orval, n'kuyamba kukwecha.