Masekondi Makumi Awiri a Bambo Mbewe

Lolemba

Mayi Nkhoma, aphunzitsi athu a sayansi, alemba pa bolodi: s = ut + ½at². Akuti chinthu chikamawonjezera liwiro mofanana sekondi iliyonse, ukhoza kudziwiratu mtunda umene chiyende. Kudziwiratu, chisanayende n'komwe! Aliyense akayese kwawo, abweretse Lolemba likudzali. Wopambana apita naye ku chionetsero cha sayansi ku boma. Ine ku boma ndinangopitako kukazula dzino.

Anzanga agubuduza malalanje pa thabwa. Ine ndili ndi a Mbewe. M'mawa uliwonse amatsika chitunda chathu pa njinga, matumba atatu a mbatata kumbuyo, ulendo wa ku Madisi. Sapalasa, sagwedezeka, ngakhale chipewa sichigwa. Ndakhala ndikuwaonerera kuyambira ndili sitandade faifi.

Zofunika: foni ya amayi, chingwe cha mbuzi (mamita asanu), mwala.

Lachiwiri

Kuyambira pa mtengo wa mango, pamene amakwerera njinga, kufika pa mjigo: zingwe khumi, mamita 50. Ndabisala kuseri kwa mjigo. Masekondi khumi ndendende! Amayamba ataima, ndiye u ndi ziro, a akutuluka 1. Pakatha masekondi 20 ayenera kukhala pa mamita 200. Ndaikapo mwala waukulu, m'mbali mwa njira.

Mbuzi yapezeka m'dimba. Amayi: "Sayansi yakoyo idya mpiru wanga mpaka liti?"

Lachitatu

Andiona. Aima pa mjigo penipeni, ndi katundu yense uja, osapendekeka ngakhale pang'ono. "Wadzuka bwanji, mphwanga? Amayi adzuka? Mbuzi ija mwaipeza?" Foni ikuwerengabe. Mphindi ziwiri, mamita 50.

Ndawafotokozera zonse. Amvetsera chipewa chili m'manja. Palibe anandimvetserapo chonchi.

Lachinayi

Lero apalasa! Ayamba kupalasa ali pa mango pomwe, matumba akuchita kudumpha, nkhuku balalabalala. Masekondi 20 asanakwane anali atazimirira kale m'fumbi, mwala sindinauone n'komwe. Madzulo akubwerera: "Ndinati ndisakuchititse manyazi kwa aphunzitsi. Ndakhoza?"

Ndayankha kuti eya. Ndikanatani?

Lachisanu

Tagwirizana: osapalasa, osapereka moni. Chiyambi chokoma kwambiri. Koma pa kona ya pansi pa mjigo ndaona chimene sindinaonepo zaka zonsezi. Njinga ija ilibe mabuleki. Amaponda tayala ndi chidendene, pang'onopang'ono ngati akusisita mwana, nsapato ikununkha labala wopsa. Mwendo umodzi, matumba atatu!

Ndawapempha kuti mawa lokha asaponde. "Buku lakolo linayamba lakwerapo njinga?" Kenako, atandiyang'ana: "Chabwino, ndiponda ndikadutsa mamita akowo."

Loweruka

Tsiku lomaliza, Lamulungu sayenda. Kulibe mphepo. Foni yadzaza moto. Mbuzi yamangidwa. Anyamuka, mjigo audutsa pa masekondi khumi enieni.

Kenako masamba. Masamba aawisi atayalidwa mopingasa njira, patsogolo pa mjigo. Kwa a Chisale kwagwa maliro.

Chidendene pa tayala, atsika, chipewa avula. Akuyenda wapansi, njinga ikuwakoka ngati ng'ombe yolusa, misempha ya m'manja ili panja, koma nkhope ili phee. Sanayang'ane kwa ine ngakhale kamodzi. Aitsamiritsa pa mtengo, alowa kukapepesa. Mbatata zafika ku Madisi msika utazizira.

Foni ndinaiwala kuimitsa. Maola awiri, mamita 90.

Lamulungu

Zimene ndili nazo:
– tsiku limodzi lolondola, mamita 50 okha
– moni
– fumbi
– chidendene
– maliro

Mu s = ut + ½at² mulibe malo oikapo chilichonse mwa zinayi zomalizazo. Ndalemba momwe zinachitikira. Ku boma kupita a malalanje, lalanje silidziwa munthu.

Potuluka m'tchalitchi a Mbewe andigwira phewa. Akuti ndidzakhala injiniya, ndidzakonze kona ija. Ndawafunsa ngati Lachinayi anauona mwala wanga podutsa.

"Uja unali wako? Ndinauchotsa Lachitatu lomwe, mphwanga. Ukanagwetsa munthu."