Mzere wa Makina Oswera Nsawa

Lolemba
Tiwonge wafika kuchokera ku Lusaka! Mwana wanga yemwe uja ankathawa wailesi ikalankhula, lero amapanga mapulogalamu a pafoni. Gulu lathu kuno ku Chikomeni lili ndi makina amodzi oswera nsawa, mabanja mbwee. Mzere wa obwereka amausunga m'mutu a Zimba, osamala makinawo. Ndalonjeza kale gulu: Lamulungu tikaweruka kutchalitchi, mzere uoneka pafoni.

Lachiwiri
Laputopu sakuitsegula n'komwe. Akuti khodi, malangizo aja amene foni imamvera, salemba asanajambule zonse. "Adada, nyumba mumakumba maziko musanakhome zikhomo?" Patebulo pali:
mapepala
pensulo
sizasi
Foni yapepala! Bokosi la dzina, bokosi la tsiku, batani. Woyamba kudina ndiye woyamba kutenga makina. Ine ndikungoyang'ana dzanja lake. Amagwira pensulo ngati malemu mayi ake.

Lachitatu
Tikuyesa foni yapepala ndi amayi a m'gulu. Akadina pepala ndi chala, Tiwonge akusintha tsamba. Zodabwitsa! Koma a NyaBanda alipo anayi, ndipo atatu amadalira foni imodzi. Tiwonge wawonjeza mabokosi ena awiri.

Lachinayi
A Zimba abwera panjinga kudzaona. Akufunsa mofatsa, chipewa chili pabondo. Mayi wamasiye akadina mochedwa? Nanga pakhomo pamene pangogwa maliro? Nanga mkamwini akafulumira kudina?
"Akhale patsogolo pa apongozi ake? Foniyi ilibe manyazi?"
Mapepala adzaza tebulo, atsikira pamkeka.

Lachisanu
Zikadalipo! A Zimba abweranso ndi zina. Amene nsawa zake zayamba kufumbwa azitsogola. Mabanja awiri amene anakangana za malire a munda asatsatizane, poti womaliza kuswa ndiye amakatula makina kwa wotsatira. Tiwonge waika pensulo pansi, akungomvetsera kukamwa kuli yasa. Zaka zonsezi ine ndinkayesa bamboyu amangothira mafuta m'makina.

Loweruka
Khodi: palibe ngakhale liwu limodzi. Mivi yolumikiza mabokosi yayanga ngati maungu m'dimba. Tiwonge sakudandaula. Akuti bola zagwera papepala, pafoni zikadapasula gulu. Akulongedza mapepala onse mosamala, ngati mazira. Nanga ine mawa ndikanena chiyani?

Lamulungu
Tiwonge wakwera minibasi ya ku Chipata. Pabwalo la tchalitchi anthu atulutsa mafoni. Ine ndatulutsa pepala limodzi limene wandisiyira: foni yojambulidwa bwino, batani limodzi pakati, FUNSANI A ZIMBA.
Kenako mmodzi wa a NyaBanda wabwera, wadina.
"Lachiwiri, amama, akamaliza alamu anu," atero a Zimba ali chikhalire.
Ikugwira ntchito, basi. Pepalalo ndaliika m'Baibulo, pafupi ndi chithunzi cha mayi ake a Tiwonge.