Fankishoni Yanga Yogwira Ntchito Zonse

Lolemba
Alamu anga a Mabvuto, alongo awo a mayi a Taonga, andisiyira laputopu yawo yakale. Miyezi itatu akhala akundiphunzitsa pafoni kulemba kodi, malangizo amene kompyuta imatsatira, tsopano ndi mayeso. Kudepoti ya simenti kumene amagwira ku Kitwe akufuna munthu wothandiza pakompyuta. Ndilembe sikiripiti, ndiye kuti pulogalamu, yogawa katundu: lole iti, ipite kuti, ndi matumba angati. Loweruka abwera kudzaiwerenga. Akaimva osandifunsa kanthu, anditengera kwa abwana awo.
Taonga wayamba kukwawa, ndipo kuno ku Twapia ngalande ili pakhomo penipeni. Ntchito imeneyi ikapezeka, tisamuka.

Lachiwiri
Malamulo a alamu, ndawalemba pakatoni:
- fankishoni (kachigawo ka kodi) imodzi, ntchito imodzi
- dzina lake linene zimene imachita
- ikatalika kupitirira sikirini, idule
- mizere yosagwira ntchito, fufuta
Loyambalo likundidabwitsa. Ntchito imodzi? Ine ndimaumba mabuloko, kukonza mipope, kumeta anthu. Wa ntchito imodzi kuno amagona ndi njala. Nanga fankishoni ikhale bwana chifukwa chiyani? Yanga izigwira zonse. Ndaitcha chita_zonse. Dzinalo silikunama.

Lachitatu
Ikugwira! Lole ya ku Bwana Mkubwa yatuluka ndi matumba ake enieni. Ndaonjezera momwemo: kusindikiza ndandanda, kuchenjeza lole ikalemedwa, moni kwa madalaivala. Mizere 140.
Ndikulemba ndi dzanja limodzi, linalo lagwira Taonga amene akufuna kudya chingwe. Ndiye mayina ndafupikitsa: a, b, b2, kaja. Ine ndikuwadziwa onse, vuto lili pati?

Lachinayi
Kufufuta kwandikanika. Mzere ndauvutikira m'mawa wonse, ndiutaye? Ndikungoika # kutsogolo kuti kompyuta iziulumpha, ugone pomwepo. Tsiku lina udzafunika.
Mayi a Taonga asuzumira, n'kundiitana mwa chikuno, poti bambo wa mwana kuno amati bashi. "Bashi Taonga, misomali yopindika yadzadza chitini, mwayamba kuisunganso m'kompyuta?"
Ndawerenga. Yogona ndi yambiri kuposa yogwira ntchito.

Lachisanu
Lole yonyamula matumba 200 yapatsidwa 600, chenjezo osatuluka, koma moni kwa dalaivala watuluka bwinobwino!
Ndikufufuza. b2 ndi chiyani? Amasiyana pati ndi b? Ndinalemba ndekha dzana, koma lero ngati analemba ndi munthu wina, wodana nane. Zodabwitsa ndithu, munthu kudziiwala masiku awiri okha.
Ndikakonza matumba, ndandanda ikusokonekera. Ndikakonza ndandanda, malole onse akupita malo amodzi.
Masana ndazindikira kanthu. Poika mipope m'nyumba ya munthu, bafa ndimaliikira vavu yake, khitchini yake, kuti pena pakadontha utseke pomwepo pokha. Kodi alamu amanena zimenezi? Ndati ndiyambe kudula, magetsi apita pa 14 awazi. Batire ya laputopuyi inafa kalekale.

Loweruka
Alamu afika, akhala pampando, Taonga pamwendo. Akutsitsa sikirini, akutsitsabe. Kenako:
"Mulamu, kaja ameneyu ndi ndani?"
Ndayang'ana. Sindikumudziwa.
Sanakalipe. Akuti mutu ndili nawo, poti zinagwirapo. Koma kudepoti malole amanyamuka pa 06 awazi, ndipo tsiku limene ndidzadwale, wina ayenera kutsegula kodi yanga n'kukonza madalaivala akuimba mahutala panja. Akuti kompyuta imamva chilichonse, wovuta kumulembera ndi munthu. Malo a ntchitowo sangadikire, pali mayi wina amene mayeso omwewa anakhoza. Laputopu andisiyirabe.

Lamlungu
Kutchalitchi ulaliki sindinaumve, mutu unali pa kaja. Tabwerako, magetsi alipo. Ndamupeza: ndi matumba otsala m'depoti. Ndamutcha matumba_otsala, zala sizinathyoke.
Mizere yogona ndafufuta, maso nditatsinzina. Ndadula kafankishoni kamodzi, sankha_lole, mizere 6 basi. Ndawawerengera mayi a Taonga akuchapa matewera. Akuti, "Ndiye kakusankha lole imene katunduyo angakwanemo." Osafunsa ngakhale funso limodzi.
Alamu akanabwera lero. Koma anabwera dzulo.